Kachilonda Kuseri kwa Bondo

Mzime anakankhira kapu ya tiyi kutali n'kugoneka tsaya patebulo. Anali mtsikana wa kusekondale, chitsiriza m'nyumbamo, ndipo dzina lake lenileni ankaligwiritsa ntchito ndi aphunzitsi okha.

"Amayi, mutu sukuleka," anatero ndi mawu ofooka. "Ndiyenso mwanabere uja..."

"Taima ndione."

Mayi akewo, ndolo imodzi ili kukhutu inayo ili m'manja, anafika n'kumusanjika dzanja pachipumi. Dzanja limeneli linali ndi mbiri yake. Kuchipatala chaching'ono cha kumapeto kwa msewu, kumene ankagwira ntchito yaunamwino kuyambira Mzime asanabadwe, anthu ankati limayeza kutentha kwa thupi kuposa kachipangizo kopanira m'khwapa kaja. Dzina linachokera pomwepo. Akulu ndi ana omwe ankawatchula kuti Mayi Dzanja, ndipo iwo, tikanena zoona, dzinali ankalikonda kuposa limene anawapatsa makolo awo.

"Malungo akutsanzika amenewo," anatero. "Mankhwala unamaliza dzulo. Akamachoka amayamba avuta kaye, ngati mlendo wotsanzika ali chikhalire pampando."

"Komatu kachipangizo munabwera nako kaja kanaonetsa kuti ndilibe malungo."

"Tizipangizo timeneti tabwera liti? Ine malungo ndinayamba kuwadziwa iwe usanaganiziridwe n'komwe. Galu wamkota sakandira pachabe, mwanawe."

Pansi pa tebulo galu wa panyumbapo, ngati wamva kuti akumunena, anadzuka n'kuyamba kudzikanda kukhutu mpaka makapu kugwedera. Ankamutcha Kapitawo chifukwa ntchito iliyonse yochitika panyumbapo ankaiyang'anira, koma osaigwira. Iye ndi Mzime anali pachibwenzi cha mphuno ndi mamina, kumene kuli wina winayo sasowako.

Kukhonde makina osokera analeka kulira. Bambo a Mzime anali telala, munthu wa mawu ochepa, ndipo anasuzumira pakhomo tepi yoyezera ili m'khosi.

"Amayi ake, mwanayu bwanji osadzera naye kuchipatala kwanuko akamuone? Masiku akupitatu."

"Chipatala chake si ine ndili pano? Ndikakhale pamzere ndi mwana wanga, anthu aziti chiyani? Inu sokani malaya, abambo ake, za matenda mundisiyire ine."

Atelala anaseka pang'ono n'kubwerera ku makina awo. Anali atazolowera. Ana a anamwino ambiri amakula osadziwa benchi ya kuchipatala, pakuti chipatala chimawapeza kunyumba m'chikwama cha amayi awo, pakati pa makiyi ndi mpango. Ana onse a m'nyumbamo analeredwa choncho ndipo anakula athanzi, ndiye atelala akanatsutsa chiyani? Mayi Dzanja anasiya panado patebulo, anauza Mzime kuti azimwa madzi ambiri ndipo asapite kusukulu, kenako anatuluka akung'ung'udza.

Chowang'ung'udzitsa chinali maphunziro. Akuluakulu a zaumoyo anali ataitana anamwino ndi madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono kuti akakumbutsidwe za matenda ofalitsidwa ndi tizilombo toluma. Kukumbutsidwa! Mawu amenewa ankawakhala pakhosi Mayi Dzanja. Munthu amakumbutsidwa chimene waiwala, nanga iwo anaiwala chiyani?

Komabe atangolowa muholo mtima wawo unamasuka. Munali mipando yapulasitiki yoyalidwa m'mizere, fani yolira ngati ikudandaula, ndi matebulo okhala ndi mabotolo a madzi ndi timbale ta maswiti. Koposa zonse munali nkhope zakale. Anthu amene anasiyana nawo kalekale kusukulu yaunamwino anali momwemo, ena atanenepa, ena dazi litawapeza. Panali kukumbatirana, kufunsana za ana, ndi kunamizana kuti sunasinthe.

"Dzanja! Ukadali moyo, mlongo wanga?" Anafuula motero bambo wina wamtali ngati mtengo wa magetsi, amene chiyambire kusukulu ankamutcha Mlongoti.

"Ndife bwanji ndisanakuone utanenepa?" anayankha Mayi Dzanja. "Akazi ako amakupatsa chakudya koma?"

"Amandipatsa, koma chimathera m'njira chisanafike kumiyendo."

Anakhala limodzi kumbuyo, pafupi ndi zenera, kumene kamphepo kankalowa bwino. Mphunzitsi wa maphunzirowo anali dokotala wachikulire, wofatsa, wokhala ndi magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi. Asanathe n'komwe kupereka moni, a kumbuyo anali atamupatsa kale dzina loti a Magalasi.

"Ndikudziwa zimene mukuganiza," anayamba a Magalasi. "Mukuti nkhalambayi itiuza chiyani chachilendo. Mwina palibe. Koma mpeni, ngakhale ukhale wabwino chotani, umafuna kunola. Tabwera kudzanolana basi, ine ndemwe."

Anazimitsa magetsi n'kuyamba kuonetsa zithunzi pakhoma. Anaonetsa udzudzu wa malungo, umene umaluma usiku, ndi udzudzu wina wa miyendo yamawangamawanga, umene umaluma dzuwa likuswa mtengo. Anaonetsa kashembe, utitiri ndi nkhupakupa, chilichonse ndi matenda ake. Ankayankhula mosathamanga, ndipo kawirikawiri ankabwereza mawu amodzimodzi.

"Kutentha thupi si dzina la matenda, anzanga. Ndi kugogoda chabe pachitseko. Tsegulani muone kuti wagogodayo ndani."

Mayi Dzanja ankamva ndi khutu limodzi. Linalo linali kwa Mlongoti, amene ankawanong'oneza za mnzawo wina yemwe anakwatiwa ndi wodwala wake. Maswiti ankatsetsereka bwino, kamphepo kankawomba, ndipo iwo anayamba kuona kuti maphunzirowa sanali oipa kwenikweni. Kupuma tsiku limodzi osamva kulira kwa ana obayidwa jakisoni ndi dalitso ndithu.

Pa nthawi ya tiyi Mlongoti anasowa. Anthu atabwerera muholo anamupeza atagona pa kabedi kutsogolo, mapazi atapitirira kunja, akubuula ngati munthu woti mawa safika.

"Uyu ndi wodwala wathu," anatero a Magalasi. "Ndamuuza zoti adwale. Thupi likutentha, ndipo magazi tamuyeza, malungo mulibe. Mufunseni chilichonse, muoneni paliponse, kenako mutiuze chimene chikumuvuta."

Woyamba kupita anali mnyamata wa tayi, amene anamugwira pachipumi n'kunena kuti ndi chimfine chachikulu. Wachiwiri anamuyang'ana m'maso ndi lilime, nati ndi taifodi. Mlongoti ankangobuula, kutchula mutu, kutchula msana, ndipo nthawi ina anapempha kuti amuitanire akazi ake adzamve mawu omaliza. Holo yonse inali m'phwete. Kenako wina kumbuyo anayambitsa, ena n'kulandira.

"Dzanja! Dzanja! Apite Mayi Dzanja!"

Anakana kamodzi mwamwambo, koma miyendo inali itanyamuka kale. Kunena zoona zinkawakomera. Anayenda pakati pa mipando mosathamanga, anafika pa kabedi paja n'kusanjika dzanja lotchukalo pachipumi pa mnzawo.

"Adokotala, wodwala wanuyu ndi wozizira ngati botolo la mufiriji."

"Tiyerekeze kuti akutentha, mayi."

"Mutu, anamwino, mutu," analira Mlongoti. "Thupi lonse kuphwanya. Ndiyenso mwanabere apa pophatikira mwendo..."

"Ndamva, ndamva," anamudula Mayi Dzanja. Anatembenukira ku gulu. "Awa ndi malungo obisala. Kachipangizo kawaphonya. Mupatseni mankhwala a malungo azipita, pamzere pali anthu."

M'manja munawombedwa, chifukwa ambiri muholomo akanachita chimodzimodzi. A Magalasi anadikira phokoso lithe. Sanakwiye ndipo sanaseke. Anangotsitsa magalasi a pachipumi n'kukweza a pamphuno.

"Zikomo, mayi. Wodwala, za mwanabere wanuyo alipo amene wakufunsani?"

"Palibe, adokotala. Onse akungondisisita pachipumi ngati mphaka."

"Tapindani thalauzi, mutembenuke."

Mlongoti anapinda thalauzi n'kugona chafufumimba. Choyamba anthu anaseka miyendo, pakuti inali yoonda ngati ndodo za tsache. Kenako anaona. Kuseri kwa bondo kunali kadontho kakuda kojambulidwa ndi cholembera, kozunguliridwa ndi mzere wofiira.

"Ndajambula ndine pa nthawi ya tiyi," anatero a Magalasi. "Chenicheni n'chotere."

Pakhoma panaoneka chithunzi cha kachilonda kakang'ono, kokhala ndi nkhanambo yakuda pakati, ngati pamene wina wazimitsira ndudu pakhungu. Anafotokoza kuti pamenepo m'pamene yaluma nkhupakupa. Kachilondako nthawi zambiri sikapweteka, ndipo kamakonda malo obisika, kuseri kwa bondo, m'chiuno, m'khwapa, m'tsitsi. Pakapita masiku thupi limatentha, mutu umawawa koopsa, ndipo mwanabere amatuluka chapafupi ndi pomwe yalumapo. Ena amatuluka timawanga m'thupi.

"Mankhwala a malungo matenda amenewa sawakhudza n'komwe," anapitiriza. "Ali ndi mankhwala akeake, ndipo mukawapeza msanga wodwala amadzuka mosavuta. Koma mukachedwa, ena amawagwetsa zenizeni, mpaka impso kuvutika. Akuluakulu anati kudziwa mphafa ya buluzi n'kung'amba. Ife sitikung'amba munthu, tikungomupempha kuti apinde thalauzi. Ndiponso mufunseni. Kunyumba kuli galu? Kuli ziweto? Wayenda mu udzu wautali? Wodwala amabwera ndi yankho lake, vuto ndi lakuti ife timamudula pakamwa."

Mayi Dzanja anali ataseka nawo limodzi ndi anzawo, pakuti sanali munthu wosunga mangawa pa zamasewera. Anali ataima pambali pa kabedi paja, akumwetulira, akukonza zoti amuyankhe Mlongoti za miyendo yakeyo. Koma mawu oti galu atangotuluka, kumwetulira kuja kunauma. Anaona Kapitawo akudzikanda pansi pa tebulo. Anamva mawu ofooka a m'mawa aja, akuti ndiyenso mwanabere uja, ndipo anakumbukira kuti sanali oyamba. Mwanayo anatchulapo za mwanabere dzana, anatchulaponso tsiku lina akutsuka mbale, ndipo nthawi zonsezo iwo ankangofika ndi dzanja pachipumi. Mantha anawagwira. Mwendo wa mwana wawo yemwe anali asanauone n'kamodzi komwe chiyambire kudwalako.

Anthu akubwerera m'malo, iwo anasendera kwa mphunzitsiyo n'kutsitsa mawu.

"Adokotala, ndipempheko nditsanzike. Ndili ndi mwana kunyumba. Thupi likutentha, malungo sanapezeke, ndipo... tili ndi galu."

A Magalasi anawayang'ana pamwamba pa magalasi. Sanafunse kuti mwamupatsa chiyani, ndipo Mayi Dzanja anawathokoza mumtima chifukwa cha chimenecho.

"Pitani, mayi. Phunziro la masana ano lili kunyumba kwanu. Mawa mudzatiuze kuti ali bwanji."

Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu. Atelala anali pakhonde akudula nsalu ya yunifolomu, ndipo ataona akazi awo sizasi inaima pakati pa nsalu.

"Mwaweruka kale? Kapena akuthamangitsani chifukwa chodziwa zambiri?"

"Mwana ali kuti?"

"Wagona kuchipinda kwake. Chakudya wangolawa."

Chipinda cha Mzime chinali chaching'ono, chokhala ndi bedi, katebulo ka mabuku ndi yunifolomu yopachikidwa kuseri kwa chitseko. Makatani anali otseka chifukwa kuwala kunkamulasa m'maso. Kapitawo anali atadzipinda pa kamphasa pafupi ndi bedi, akuyang'anira odwala. Mayi Dzanja anatsegula katani imodzi n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Dzanja linanyamuka lokha kulowera kuchipumi, iwo n'kulibweza.

"Mzime, mwanabere unkanena uja ali pati?"

Mtsikanayo anatsegula maso modabwa, kenako analoza pophatikira mwendo wamanzere. Mayi ake anapapasa n'kupeza kotupa ngati nyemba, ndipo Mzime anatsinzina ndi ululu.

"Tembenuka, ugone chafufumimba."

Anakweza chovala chogonera mpaka m'mabondo. Sanafunefune nthawi yaitali. Kuseri kwa bondo lamanzere, pamene khungu limapindika, panali kachilonda ka nkhanambo yakuda, kozunguliridwa ndi kufiira. Sikanali kojambula ndi cholembera. Atayang'anitsitsa pa kuwala anaonanso timawanga tochepa pamikono, timene m'mawa akanationa akadakhala kuti anayang'ana.

"Ichi chayamba liti?"

"Kalekale, ndisanayambe kudwala. Tinapita ndi Kapitawo kubwalo lija la kuseri kwa sukulu, kuli udzu wautali kuja. Pobwera ndinkamuchotsa nkhupakupa, ndiye posamba ndinapeza ina yaing'ono itandimata pamenepo. Ndinaizula."

"Nanga bwanji sunandiuze, mwanawe?"

Mzime anabisa nkhope mupilo. Atayankha sanayankhe mokwiya kapena modandaula. Ananena ngati munthu wonena chinthu chodziwika ndi aliyense.

"Ndinkayamba kunena, amayi. Koma inu mumakhala mutadziwa kale."

Mawu amenewa anawalasa Mayi Dzanja kuposa chipongwe chilichonse chimene anamvapo pantchito. Anachita manyazi, ndipo anamva chisoni. Anakumbukira odwala onse amene anawadula pakamwa chifukwa pamzere panali anthu. Koma kuno kunalibe mzere. Kunali mwana mmodzi yekha, wawo, wodya naye patebulo limodzi tsiku ndi tsiku. Anamusisita mwendo uja pang'onopang'ono.

Atelala anali ataima pakhomo, tepi ili m'khosi. Akadafuna akadakumbutsa zimene ananena m'mawa, ndipo palibe akadawadzudzula. M'malo mwake anangofunsa kuti, "Ndikaitane galimoto?"

"Itanani, abambo ake. Tikupita naye kuchipatala."

"M'chikwamamo mulibe mankhwala ake?"

"Ngakhale akanakhalamo. Akamuone wina."

Masana chipatala cha kumapeto kwa msewu chinkakhala chopepukirako. Pakhonde panali anthu ochepa pabenchi, mayi wina ndi khanda, mkulu wina wa bandeji kuphazi, ndi mtsikana woyembekezera. Ataona Mayi Dzanja onse anayamba kusuntha.

"Lowani, anamwino, lowani. Inu mungadikirenso?"

Iwo anamuyang'ana Mzime, anaona kuti akutha kukhala bwinobwino, ndipo anayang'ananso khanda lija, limene linkapuma mofulumira.

"Ayi, mayi, khandalo lilowe. Ife tabwera pambuyo."

Anakhala kumapeto kwa benchi. Zaka zonsezi ankaidutsa benchi imeneyi m'mawa uliwonse, koma sankadziwa kuti ndi yolimba chotero, ndiponso kuti munthu ukakhalapo maso ako sachoka pachitseko. Mzime anatsamira paphewa pawo. Mlonda anadutsa, anawaona, anabwereranso kudzaonetsetsa, kenako anapita akupukusa mutu. Zoti anthu aziti chiyani zija zinapezeka kuti sizinali kanthu. Mkulu wa bandeji uja anangowafunsa ngati mwanayo ali wawo, n'kunena kuti afanana mphuno.

Amene ankaona odwala tsikulo anali dokotala wachitsikana yemwe anzake ankamutcha Dekhani, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pake. Mayi Dzanja ankakonda kumuseka kuti wodwala mmodzi amamuona ngati akumufunsira ukwati. Atalowa, dokotalayo anadzidzimuka n'kuimirira.

"Amayi! Si muli kumaphunziro inu? Khalani apa, mpando ndi uwu. Mwamupeza ndi chiyani? Nenani ndingolemba."

"Khala pampando wako, mwanangu. Ine lero sindili pantchito. Ndaperekeza wodwala."

Dekhani anakhala pansi mokayika, kenako anatembenukira kwa Mzime.

"Chabwino. Wayamba liti kumva kutentha?"

Mayi Dzanja anatsegula pakamwa. Yankho linali kale palilime, lokonzedwa bwino, ndi maina a matenda omwe. Analimeza.

"Mufunseni mwini wake," anatero, ngakhale kuti dokotalayo anali atafunsa mwini wakeyo.

Mzime anayamba mwamanyazi, akuyang'anayang'ana amayi ake, koma ataona kuti palibe akumudula, mawu anamasuka. Ananena za bwalo la udzu ndi nkhupakupa ija. Ananena kuti mutu umawawa kwambiri kuseri kwa maso, ndipo tsiku lina kusukulu anasanza pa nthawi yopuma, mnzake n'kumubwereka juzi. Ananena kuti pokwera masitepe a kalasi ankachita kukoka mwendo, ndiponso kuti ankaopa kuti chotupacho ndi matenda oopsa aja anamva pawailesi, mpaka ankalira yekha posamba. Zonsezi Mayi Dzanja ankazimva koyamba. Anakhala manja ali pamiyendo, akuyang'ana mwana wawo ngati mlendo amene wangofika kumene, ndipo anazindikira kuti mtsikanayu amafotokoza zinthu momveka bwino kuposa odwala ambiri achikulire.

"Pali chinanso?" anafunsa Dekhani.

Mzime anayang'ana amayi ake.

"Nena zonse," anatero iwo. "Palibe akuthamangira kwina."

Dekhani anamuona mtsikanayo kuyambira m'tsitsi mpaka kuzala za kumapazi. Anamuyezanso malungo, osapezeka. Anayang'ana kachilonda kaja nthawi yaitali, anafunsanso mafunso ena, kenako analemba mankhwala.

"Ndi matenda a nkhupakupa," anatero. "Mwabwera nthawi yabwino, sanafike poipa. Amwe mankhwalawa mpaka kumaliza, ndi madzi ambiri. Chotupacho chiphwa chokha, usaope, si chimene unkaganiza chija. Koma thupi likapitiriza kutentha mubwerenso msanga."

Dekhani anawayang'ana Mayi Dzanja mwamanyazi, poona kuti akulangiza munthu amene anamuphunzitsa kubaya jakisoni.

"Ndamva, adokotala," anayankha iwo, ndipo sankaseka.

Mankhwala anagwira. Pasanathe masiku ambiri thupi linazizira, mutu unaleka, ndipo Mzime anayamba kudya ngati akubweza ngongole ya masiku onse anadwala aja. Amene anavutika ndi Kapitawo. Atelala anamutengera kwa dokotala wa ziweto, kumene anamusambitsa mankhwala onunkha, ndipo anabwerako atakwiya, osayankhula ndi munthu mpaka madzulo. Udzu wa kuseri kwa nyumba unatchetchedwa, kamphasa kake kanachapidwa n'kusamutsidwira pakhonde. Mayi Dzanja anamaliza nawo maphunziro aja mosangalala, ndipo a Magalasi atamva kuti mwana akuchira anagwedeza mutu mpaka magalasi a pachipumi kugwera pamphuno.

M'mawa wina, Mzime atavala yunifolomu kukonzekera kubwerera kusukulu, mayi ake anali pakhomo, chikwama chili paphewa, atachedwa kale kuntchito. Mtsikanayo anagwira tsaya n'kukwinya nkhope.

"Amayi, dzino likundiwawa."

Mayi Dzanja anaima. Anayang'ana wotchi, anatula chikwama pansi, anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye.

"Dzino liti? Layamba liti? Limawawa ukamadya kapena nthawi zonse? Tandiuza bwinobwino."

Mzime anayesetsa kulimbitsa nkhope, koma zinakanika. Anaphulika kuseka mpaka tiyi kutayikira pambale.

"Palibe, amayi. Ndimangokuyesani."

Kukhonde makina osokera analeka kulira, ndipo kunamveka atelala akuseka chapansipansi. Mayi Dzanja sananyamuke pampando paja. Anamugwira mwana wawo chibwano mofatsa n'kumutembenuzira kuzenera, kumene kunali kuwala.

"Uzindiyesa ndithu, mwanawe, tsiku lililonse ukafuna," anatero. "Koma poti wanena, yasamula ndione."